Dzina Loulula Mathero: Chinenero ndi Kutha kwa Nkhani mu Supa Team 4

1.0 Chiyambi

Pa 20 Julayi 2023 kampani ya Netflix inatulutsa kanema wa makatuni wotchedwa Supa Team 4, amene mwini ganizo lake ndi mlembi wa kuno ku Zambia, Malenga Mulendema. Chigawo chachiwiri chinatsatira pa 21 Disembala chaka chomwecho, ndipo ndi mmenemo muli gawo lotsiriza, la nambala 16. Ambiri mwa amene analembapo za kanemayu anaima pa mbiri yake: kuti ndi woyamba wa mtundu wake kuchokera mu Africa pa Netflix, kuti alembi ake onse anali amayi a mu Africa, ndiponso kuti nkhani yake imachitikira mu Lusaka wa m'tsogolo. Zonsezi n'zoona ndipo n'zonyaditsa. Koma ife amene ntchito yathu ndi kuphunzitsa ndi kufufuza zinenero tili ndi funso lina: kodi mwana woleredwa m'Chinyanja amamva chiyani akamaonera nkhaniyi, ndipo ikafika pothera imamusiya pati?

Pepala lino likunena kuti luso lalikulu la kanemayu lili m'mayina, ndipo kuti mayinawo amamuululira mwana wa kuno mathero a nkhani isanafike n'komwe pakati. Likunenanso kuti zinenero zathu zinalekezera pa mayina pomwepo. Sayansi ya m'nkhaniyi, ndi katsekedwe kake, zinasiyidwa m'manja mwa Chingelezi, ndipo zimenezi zili ndi chiphunzitso chimene aphunzitsi a Chinyanja sayenera kuchilekerera.

2.0 Nkhaniyo mwachidule

Atsikana anayi a pasukulu ya sekondale, Komana, Monde, Temwe ndi Zee, asankhidwa ndi Mama K, mayi wachikulire amene kale anali kazitape wa boma, kuti ateteze mzinda wa Lusaka. Komana ndi wa nzeru zopangapanga. Monde ndi wodekha, katswiri wa kandodo ka paperete. Temwe ndi wa phuma ndi wokonda kudya, ndipo Zee ndi wa mpira wa miyendo. Nthabwala zambiri zimachokera pa kuperewera kwa zipangizo, pakuti Mama K akupulumutsa dziko ndi ndalama zochepa, mothandizidwa ndi kompyuta yolankhula yotchedwa T.O.M.I. ndi mbuzi yotchedwa Chomps. Vuto limene likuyenda pansi pa magawo onse ndi la kuzimazima kwa magetsi, ndipo pakati pa vutoli paima Lee Magedzee, mpondamatiki wooneka ngati mpulumutsi wa mzinda, amene kuseri ndiye mdani wamkulu, Bad Magz.

Kanemayu anapangidwa ndi situdiyo ya Triggerfish ya ku Cape Town pamodzi ndi kampani ya CAKE ya ku London. Mulendema anali mmodzi mwa alembi 8 amene Triggerfish inasankha mu 2015 pa mpikisano wake wa nkhani, maonekedwe a atengambali anajambula ndi Malcolm Wope wa ku Cameroon, ndipo nyimbo yotsegulira anaimba ndi Sampa the Great. Tatchula zimenezi chifukwa zikusonyeza kuti ntchitoyi inadutsa m'manja ambiri, ndipo si chilichonse chimene titadandaule pansipa chingaikidwe pamutu pa mlembi.

3.0 Zimene mayina akunena

Mtsikana aliyense ali ndi dzina lina lomenyera nkhondo. Tiyeni tione mayinawo:

(1) K-Bongo: bongo kapena ubongo, monga timanenera m'Chinyanja
(2) M-Kozo: kozo, kutanthauza mtendere m'Chilozi
(3) T-Mlilo: moto, umulilo m'Chibemba, mulilo m'Chitonga ndi m'Chilozi, umlilo m'Chizulu
(4) Za-Mpezi: mphezi kapena mphenzi m'Chinyanja

Mayina atatu oyamba anapangidwa mofanana: lembo loyamba la dzina la mtsikana, kenaka liwu lofotokoza khalidwe lake. Uku n'kutcha kwa makolo kumene, pamene dzina limakhala chiganizo chachifupi chonena za mwini wake kapena za nyengo imene anabadwira, monga Mabvuto, Tilyenji kapena Masiye. Komanso mayinawa anatengedwa m'zinenero zosiyana, kotero kuti gulu la atsikanawa likuima ngati chithunzi cha dziko la zinenero zambiri. Liwu loti kozo lili ndi ulendo wakewake, pakuti ndi m'bale wa khotso wa m'Chisutu, ndipo linafika ku Bulozi ndi Akololo a Sebetwane m'zaka za m'ma 1800.

Dzina lachinayi ndilo lolemera koposa. Lembo la Z silinaime palokha monga K, M ndi T. Linasanduka za-, amene m'Chinyanja ndi mlumikizi wa umwini wa magulu a mayina onga zinthu ndi nkhani, kotero kuti womva Chinyanja amamva "za mphezi", ndiko kuti zinthu zokhudza mphezi. Nthawi yomweyo khutu limamva Zambezi. Tionenso kuti lembo la h lasiyidwa. M'Chinyanja, p, t ndi k akatsatira m kapena n m'phatikizo limodzi amatuluka ndi mpweya, ndipo ndicho chifukwa chake timalemba mphasa, nthawi, nkhuku. Kusiya h ndi chizolowezi cha kalembedwe ka m'tauni, ndipo mphunzitsi angachichonge ndi inki yofiira. Koma pano kusiyako kwagwira ntchito, chifukwa kwayandikizitsa Mpezi kwa -mbezi pa maso a wowerenga. Kuno kum'mawa mwana amamvamonso dzina lachitatu, la Nkosi yamakosi Mpezeni, ngakhale kuti mwina alembi sanalingalireko.

4.0 Dzina la mdani ndi mathero

Dzina lachisanu ndilo mutu wa pepala lino:

(5) Magedzee: magetsi

Msintho wake ndi waung'ono. Liwu la ts lasanduka dz, monga kusiyana kwa kutsika ndi kudzika, ndipo i wa kumapeto walembedwa ee motsata kalembedwe ka Chingelezi. Mphatikiram'mbuyo ma- wa gulu la mayina onga madzi ndi mafuta wasiyidwa momwemo. Kwa woonera wa ku London kapena ku Lagos, ili ndi dzina la munthu chabe. Kwa womva Chinyanja, munthuyu wavala mlandu wake pachipumi.

Ndinaona zimenezi ndi maso anga ku Tamanda, kumpoto kwa Chipata, pamene ndinaonetsa ana a mlongo wanga magawo angapo amene ndinatengera pa foni. Chingelezi cha atengambali chinkawathamangira, ndipo nthawi zambiri ankangoseka zochita za mbuzi. Koma dzina la bamboyu litangotchulidwa kachiwiri, mtsikana wa giredi 4 anatembenuka nati: "Amalume, uyo ndiye wazimitsa magetsi. Simukumva dzina lake?" Nthawi imeneyo atsikana a m'kanema anali akumulemekezabe.

Wina anganene kuti uku n'kulephera, pakuti chinsinsi chimene nkhani yonse ikupita kukaulula chaululika kale. Ife tikuona mwina. M'nthano zathu womvera sadikira kuti adziwe woipa ndani. Fisi akangotchulidwa, mwana aliyense amadziwa kuti dyera limugwetsa, ndipo Kalulu akangolowa, aliyense amadziwa kuti wina apusitsidwa. Chokoma cha nthano chili pa kuona njira imene zodziwikazo zifikire, ndi pa kudziwa zimene ampangankhani sakudziwa. Womvera amakhala pamwamba pa nkhani, naseka Njovu imene ikukhulupirira bodza. Motero gawo lotsiriza la Supa Team 4 lili ndi oonera a mitundu iwiri. Wakunja amalandira mathero ngati vumbulutso. Mwana wa ku Tamanda amawalandira ngati chitsimikizo cha zimene khutu lake linamuuza kale, ndipo chisangalalo chake n'cha munthu amene mlandu wamukomera pabwalo. Apa alembi anam'patsa mwana wa kuno mphatso imene sanam'patse wina aliyense, ndipo tiyenera kuwayamikira.

Pali chinanso choseketsa kwa wofufuza zinenero. Liwu loti magetsi ndi lobwereka, m'bale wa ugesi wa m'Chizulu, ndipo gwero lake ndi liwu la Chingelezi lotanthauza mpweya woyaka umene kale unkaunikira m'matauni. Linachoka m'Chingelezi, linakhala lathu, ndipo tsopano labwerera m'Chingelezi litavala chigoba, monga mwini dzinayo. Tionenso kuti pa misewu ya Lusaka ndi Chipata anthu ambiri amati malaiti. Magetsi ndi liwu la Chinyanja cha m'mabuku ndi cha kumudzi, chimene a m'tauni amachitcha chozama. Ndiye kuti amene ali ndi mwayi womva nthabwalayi msanga ndi mwana yemwe uja amene kawirikawiri amasekedwa chifukwa cha kalankhulidwe kake.

5.0 Pamene zinenero zathu zalekezera

Tikachoka pa mayina, chithunzi chimasintha. Atengambali amalankhula Chingelezi, ndipo mawu a kuno amangowazidwa apa ndi apo ngati mchere. Chimene chikutikhudza kwambiri ndi kagawidwe ka ntchito pakati pa zinenerozi. Khalidwe la munthu, ukali wake, kudekha kwake, zatchulidwa m'zinenero zathu. Koma makina akayamba kufotokozedwa, pulani ikamakonzedwa, Komana akamalongosola chimene wapanga, zonse zimachitika m'Chingelezi. Ngakhale dzina la kompyuta, T.O.M.I., ndi chidule cha mawu a Chingelezi. Mtsikana amene dzina lake ndi Bongo saganiza mokweza m'chinenero chimene chinam'patsa dzinalo.

Kagawidwe kameneka si kachilendo. Lamulo la maphunziro la 1966 linaika Chingelezi kukhala chinenero chophunzitsira kuyambira giredi 1, ndipo zinenero 7 zimene boma linavomereza, Chibemba, Chinyanja, Chitonga, Chilozi, Chikaonde, Chilunda ndi Chiluvale, zinatsala ngati maphunziro apadera ndi zinenero za pa wailesi. Kalembedwe kake kanakhazikitsidwa mu 1977, ndipo mu 2014 zinayamba kugwiritsidwa ntchito pophunzitsa magiredi 1 mpaka 4, koma pa zaka zonsezi sayansi ya ku sekondale sinachoke m'Chingelezi. Kanema wonena za Lusaka wa m'tsogolo watenga malire akalewa n'kuwapititsa m'tsogolomo osawafunsa. Nkhani yopeka ya sayansi ili ndi ufulu wolota magalimoto atsopano ndi nyumba zatsopano. Bwanji sinalote kalasi imene fizikisi ikuphunzitsidwa m'Chinyanja? Dziko lino silisowa olota. Edward Mukuka Nkoloso, mphunzitsi wa sayansi, analengeza mu 1964 kuti Zambia idzatumiza anthu ku mwezi, ndipo ngakhale anasekedwa, maloto ake anabala filimu ya Afronauts ya Nuotama Bodomo mu 2014, nalowanso m'buku la Namwali Serpell, The Old Drift, la 2019. Koma nazonso ntchito zimenezi zili m'Chingelezi.

Kanemayu anamasuliridwa m'Chizulu. N'kosavuta kuona nzeru ya malonda pamenepo, pakuti ku South Africa kuli olipira ambiri. Koma kwa ife a kum'mawa nkhaniyi ili ndi kuwawa kwake. Angoni a Zwangendaba anawoloka Zambezi mu 1835 akulankhula chinenero chapachibale ndi Chizulu, ndipo zidzukulu zawo za kwa Mpezeni zinachitaya n'kutenga Chinsenga ndi Chichewa, kotero kuti chakalecho chimamveka makamaka m'nyimbo za Nc'wala ku Mtenguleni. Mwana wa ku Chipata angathe kuonera nkhani ya likulu la dziko lake m'chinenero chimene makolo ake anasiya, koma osati m'chimene iye amalankhula, chomwenso ndicho chinenero cha m'misika ndi m'mabasi a Lusaka weniweniyo.

Ena amati Chinyanja sichingathe kunyamula nkhani yothamanga ya mtundu umenewu. Yankho lake linaperekedwa kale pa wailesi. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 Julius Chongo ankasimba nkhani zake pa pulogalamu ya Poceza m'Madzulo, ndipo Ernst Wendland, amene anazifufuza mozama, anasonyeza mmene mvekero, kusintha kwa mawu ndi nthabwala zinkajambulira zithunzi m'mutu mwa womvera popanda chithunzi chilichonse. Mvekero ndi makatuni ndi pachibale. Zonse ziwiri zimakokomeza kayendedwe, zimafupikitsa nthawi, ndipo zimaseketsa ndi thupi. Taonani mmene mwana angasimbire chochitika chimodzi:

(6) Magetsi kuti thi! Mzinda wonse bii. Zee mpira uja kuti pha! Kumwamba ng'ani ng'ani, chimunthu chija pansi khu!

Chiganizo cha Chingelezi chingafune aneni ndi afotokozi ambiri kuti chifike pamenepa. Ngati pali chinenero chimene chinabadwira makatuni, ndi chathuchi. Chotsala ndi mawu a zipangizo, ndipo amenewo anthu amawapanga tsiku ndi tsiku osapempha chilolezo: foni, batire, sola, kutchaja, netiweki.

6.0 Katsekedwe ka nkhani

Nthano ya makolo ili ndi khomo lolowera ndi lotulukira. Wosimba amati "Padangokhala," omvera nati "Tili tonse," ndipo m'madera ambiri amatseka pouza ana kuti akaphule mbatata pamoto, iwo nayankha kuti yapserera. Mawu otsekerawa si mwambo wopanda ntchito. Amamuchotsa mwana m'dziko la Kalulu n'kumubwezera pa moto weniweni, pa njala yeniyeni, pakati pa abale ake, ndipo pamenepo ndi pamene agogo amafunsa chimene nthanoyo yaphunzitsa. Kanema wa pa intaneti alibe khomo lotulukira lotere. Gawo likatha, makina amayamba okha lina, ndipo lotsiriza likatha, amakusonyeza kanema wina. Ku Tamanda chimene chinatitsekera nkhani madzulo ena ndi batire la foni.

Kusowa kwa khomo limeneli kuli ndi zotsatira pa chiphunzitso. Nkhaniyi yamangirira vuto la magetsi pa dyera la munthu mmodzi, ndipo mathero a mtundu umenewu amauza mwana kuti woipayo akagonja, kuwala kubwera. M'nthano zimenezi n'zololedwa, pakuti Fisi amaimira khalidwe, ndipo omvera amadziwa kuti afisi sanathe m'thengo. Koma kuzima kwa magetsi si nthano kwa mwana wa mu Zambia. Gawo lalikulu koposa la magetsi a dziko lino limachokera ku madzi, makamaka ku Kariba ndi ku Kafue, ndipo mvula ikavuta, monga mu 2015 ndi mu 2019, mdima umatsatira. Patangopita miyezi iwiri gawo lotsiriza litatuluka, pa 29 Febuluwale 2024, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala cha chaka chimenecho ndi ngozi yogwera dziko lonse, ndipo chakumapeto kwa chakacho madera ena ankakhala opanda magetsi maola opitirira 20 pa tsiku. Panalibe Bad Magz woti n'kumuvula chigoba. Ana amene anaona atsikana anayi akupambana sakanathanso kutchaja foni kuti aonerenso kupambanako.

Sitikunena kuti kanema wa ana akanasanduka phunziro la za nyengo. Tikunena kuti yankho lozama linali kale m'nkhanimo, koma linabisala pamalo pomwe chinenero chathu chinaloledwa kulowa. Dzina loti Za-Mpezi lagwirizanitsa mphezi, imene imabwera ndi mvula, ndi Zambezi, mtsinje umene umadzaza Kariba. M'dzina limodzi muli mvula, mtsinje ndi mphamvu, ndiko kuti unyolo wonse umene kuwala kwa Lusaka kwapachikikapo. Mayina anadziwa zambiri kuposa mathero. Chingelezi cha nkhaniyi chinaloza munthu, pamene Chinyanja cha m'dzina chinaloza kumwamba ndi kumtsinje.

7.0 Mawu otsiriza

Taona kuti Supa Team 4 ndi ntchito ya luso imene mayina ake amalankhula ndi mwana wa kuno mwachinsinsi, namuika pamalo a womvera nthano amene amadziwa zimene ampangankhani sakudziwa. Taonanso kuti ulemu umenewu uli ndi malire, chifukwa mwana yemweyo amaphunzira mwakachetechete kuti chinenero chake n'chotchulira mayina ndi kufuulira, koma kuganiza ndi kupanga n'za chinenero china. Phunziro lotere likabwera m'chovala chokongola limalowa msanga kuposa lamulo la boma.

Pali zimene tingachite osadikira Netflix. Mphunzitsi amene ali ndi foni angaonetse kachigawo ka mphindi zochepa atatseka mawu, nauza ophunzira kuti akasimbe m'Chinyanja ndi mvekero, monga pa chitsanzo (6). Angawapatse mayina a pa (1) mpaka (5) kuti awaphwanye, apeze tsinde ndi mphatikiri, afufuze chinenero chimene lililonse lachokera, nakambirane ngati h wa mu mphezi ayenera kubwezeredwa. Angawafunse kuti T.O.M.I. akanakhala wa kwathu akanatchedwa ndani, ndipo mayankho awo adzakhala chiyambi cha mawu a sayansi amene makomiti athu akhala akuwasakasaka. Koposa zonse angachite chimene makina sachita: kutseka nkhani, kuwabwezera anawo pa moto, ndi kuwafunsa kuti magetsi amachokera kuti.

Kwa ife a m'madipatimenti a zinenero, ntchito ndi yokonza anthu odziwa kumasulira mawu a m'kanema, luso limene limafuna kuyeza kutalika kwa chiganizo ndi kayendedwe ka milomo, ndipo limavuta kwambiri m'chinenero cha mawu aataliatali ngati chathu. Chinyanja chimamveka kuchokera ku Lusaka mpaka ku Blantyre, ku Tete ndi ku Niassa. Tsiku limene wopanga kanema adzafune kuchigwiritsa ntchito asadzapeze kuti tinali tisanakonzeke. Mtsikana wa ku Tamanda uja anamasulira dzina la mdani popanda womuthandiza. Akanamva nkhani yonse m'chinenero chake, akanamasulira zochuluka motani?